Chaka Choyamba ku Koleji: Zoyenera Kuchita Kuyambira Tsiku Lofika Mpaka Zotsatira Zoyamba

Wophunzira amene wangofika kumene ku koleji nthawi zambiri amaganiza kuti chimene chidzamuvute kwambiri ndi kuuma kwa maphunziro, koma chimene chimagwetsa ambiri m'chaka choyamba ndi chinthu chimene poyamba chimaoneka ngati mwayi, ndicho kusakhalapo kwa munthu wowalondalonda. Ku sekondale kunali belu, kunali mphunzitsi woitana mayina m'mawa, kunalinso wina wofunsa ngati mwalemba ntchito imene munapatsidwa. Ku koleji mukhoza kujomba sabata yathunthu popanda wokufunsani kumene munali, ndipo kawirikawiri palibe amene angakuuzeni kuti mwayamba kutsalira kufikira pamene zotsatira za mayeso zatuluka. Ntchito imene ankagwira anthu ena, yokudzutsani, yokukumbutsani ndi yokudzudzulani, tsopano yagwera m'manja mwanu, ndipo ndi ochepa amene amafika ataphunzitsidwa kale kuigwira.

Vutoli limakula chifukwa nthawi ndi yochepa. M'makoleji ambiri semesita imatenga masabata apakati pa 14 ndi 16, ndipo mukachotsapo sabata yolembetsa ndi masabata a mayeso, otsalawo sachedwa kutha. Munthu amene wakhala mwezi woyamba akudikira kuti azolowere kaye amakhala wataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a semesita yonse. Malangizo ali m'munsimu ndawasanja motsatira mmene zinthuzo zimabwerera.

Choyamba, malizani za mapepala

Sabata yoyamba imakhala ya mizere italiitali ndi maofesi osadziwika, ndipo imatopetsa, koma zimene mwazengereza sabata imeneyi zimadzakuvutitsani pa nthawi imene mulibenso mpata wozikonza. Lembetsani makosi onse amene mukuyenera kutenga, kenako pemphani kapena sindikizani pepala losonyeza kuti mwalembetsadi, n'kuliwerenga mzere ndi mzere. Onani ngati dzina lanu lalembedwa molondola, ngati nambala yanu ndi yomweyo imene ili pa chiphaso, ndiponso ngati nambala ya kosi iliyonse ikugwirizana ndi kalasi imene mukulowa. Zimachitika ndithu kuti wophunzira amalowa m'kalasi semesita yonse, n'kudzazindikira pa tsiku la mayeso kuti dzina lake mulibe m'kaundula wa kosiyo. Risiti iliyonse ya ndalama zimene mwalipira muijambule ndi foni, ndipo mapepala enieniwo muwasunge pamalo amodzi.

Tsegulani imelo imene koleji yakupatsani ndi kuilumikiza ku foni yanu, chifukwa uthenga wa kusintha kwa chipinda chophunzirira kapena wa tsiku la mayeso umadzera kumeneko, ndipo dandaulo lakuti simunauone silimveka kwa aliyense. Misonkhano yolandirira ophunzira atsopano musaijombe ngakhale itaoneka yotalika. Maphunziro asanayambe, tengani ola limodzi madzulo, muyende ndi ndandanda wanu m'manja n'kupeza chipinda chilichonse chimene mudzaphunziriremo, laibulale, chipatala cha pasukulupo, ofesi ya dipatimenti yanu ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira.

Chachiwiri, werengani ndondomeko ya kosi iliyonse cholembera chili m'manja

Pa tsiku loyamba la kosi mphunzitsi amagawa pepala, kapena amaliika pa intaneti, lofotokoza mitu imene idzaphunzitsidwe, mabuku oyenera kuwerenga, ntchito zimene mudzalembe ndi mmene malikisi adzagawidwire. Ambiri amalipinda n'kuliiwala m'chikwama, komatu pepala limeneli ndi lofunika kuposa ena onse amene mudzalandire semesita imeneyo. Fufuzanimo masiku operekera ntchito, kuchuluka kwa malikisi a ntchito iliyonse, lamulo la kujomba, ndi chilango cha kupereka ntchito mochedwa. Makoleji ena salola wophunzira kulemba mayeso omaliza ngati wajomba kupyola mlingo umene anaika, ndipo lamulo lotere ndi bwino kulidziwa sabata yoyamba kusiyana ndi kulimva sabata yomaliza.

Tiyerekeze kuti pepalalo likunena kuti ntchito za mkati mwa semesita zili ndi malikisi 40 pa 100, mayeso omaliza ali ndi 60, ndipo kuti munthu akhoze ayenera kupeza 50. Wophunzira amene wasonkhanitsa malikisi 30 mwa 40 aja amalowa m'chipinda cha mayeso akufuna 20 okha mwa 60, pamene amene ananyozera ntchitozo n'kupeza 12 amafunika 38, zomwe ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mayeso onse. Anthu awiriwa akhoza kukhala a nzeru zofanana, koma mmodzi amalemba mtima uli m'malo, winayo amalemba akunjenjemera. Kamayeso ka malikisi 5 kamene mukufuna kukaphonya chifukwa cha tulo muzikawerengera motero.

Mukamaliza kuwerenga mapepala a makosi onse, tengani kalendala imodzi, ya papepala kapena ya mufoni, mulembemo masiku onse operekera ntchito ndi a mayeso. Mudzaona nthawi yomweyo kuti pali masabata ena amene ntchito zitatu kapena zinayi zaunjikana, popeza nthawi zambiri mphunzitsi aliyense amakonza kosi yake payekha osadziwa zimene anzake apereka. Masabata amenewo muwazungulize ndi cholembera, ndipo imodzi mwa ntchitozo muiyambe kudakali masabata awiri kuti tsiku lake lifike.

Chachitatu, gawani maola a sabata

Ndandanda wa ku koleji umapusitsa chifukwa umaoneka wopanda zambiri. Mukhoza kukhala ndi kalasi imodzi m'mawa ndi ina madzulo, pakati ponsepo popanda chilichonse, ndipo munthu wochokera ku sekondale amaona ngati maola amenewo ndi opuma. Komatu makoleji ambiri amawerengera kuti pa ola lililonse la m'kalasi wophunzira aziwonjezera maola pafupifupi awiri owerenga payekha. Ngati muli ndi maola 15 a m'kalasi pa sabata, ndiye kuti mukuyembekezeka kuwerenga maola ena 30, onse pamodzi 45, zomwe sizikusiyana ndi munthu wolembedwa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Sabata ili ndi maola 168, ndipo mukachotsapo 56 ogona ndi 45 a sukulu, mumatsala ndi maola 67 a kudya, kuchapa, kuyenda, kupemphera, kucheza ndi kupuma. Nthawi ilipo yokwanira, kungoti imene simunaipatse ntchito imatha osadziwa kumene yapita.

Choncho lembani ndandanda wachiwiri, wanuwanu, pamwamba pa umene koleji yakupatsani. Maola apakati pa makalasi muwapatse dzina la kosi ndi malo, monga kuti Lachiwiri kuyambira 10 koloko mpaka 12 koloko mudzakhala mu laibulale mukuwerenga kosi yakutiyakuti. Kungolemba kuti "kuwerenga" sikuthandiza, chifukwa mukakhala pansi mumatha theka la ola mukusankha choti muwerenge. Kosi imene imakuvutani muipatse nthawi imene mutu wanu umagwira bwino, osati usiku pamene mwatopa kale. Ine ndimaona kuti kubwerera kuchipinda chogona pakati pa makalasi ndi kumene kumadya maola ambiri a ophunzira atsopano, pakuti bedi ndi foni zikakhala pafupi, ola limodzi limasanduka atatu. Amene mumagona kutali ndi koleji, kapena amene mumagwirako ntchito, muwerengeremonso nthawi ya panjira, ndipo maola amene muli kale pasukulupo muwagwiritse ntchito mokwanira.

Amene amavutika kuyamba ntchito angayese njira imene Francesco Cirillo anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, yogwira ntchito imodzi kwa mphindi 25 popanda kukhudza china chilichonse, kenako n'kupuma mphindi 5. Ubwino wake ndi wakuti mphindi 25 siziopsa, ndipo munthu akangoyamba nthawi zambiri amapitiriza. Pa nthawi imeneyo foni ikhale m'chikwama, osati patebulo.

Chachinayi, sinthani kawerengedwe

Apa ndi pamene ophunzira amene ankakhoza bwino ku sekondale amakhumudwa kwambiri, chifukwa njira imene inawafikitsa ku koleji siwapititsanso patsogolo. Mphunzitsi wa ku koleji sadikira kuti mumalize kulemba, salemba zonse pabolodi, ndipo mu ola limodzi akhoza kudutsa mutu umene ku sekondale ukanatenga masabata angapo. Mayeso akenso safuna kuti mungobwereza mawu ake, koma amafuna kuti mufotokoze chifukwa, muyerekeze mfundo ziwiri, kapena mugwiritse ntchito zimene mwaphunzira pa funso limene simunalionepo.

Yambani ndi kuwerenga mutuwo mwachidule kalasi isanachitike, ngakhale kwa mphindi 15 zokha, kuti mawu atsopano asakhale achilendo m'makutu mwanu. M'kalasimo khalani pamene mukumva ndi kuona bwino, ndipo musalimbane ndi kulemba liwu lililonse. Njira imene Walter Pauk anakonza ku Cornell University m'zaka za m'ma 1950 ndi yosavuta ndipo imangofuna kope ndi cholembera. Jambulani mzere wotsika pa tsamba, kumanzere kutsale danga laling'ono, kumanja lalikulu, ndipo pansi pa tsambalo musiyepo mizere ingapo. Kumanja lembani notsi pamene mphunzitsi akuyankhula. Mukatuluka, tsiku lomwelo, lembani kumanzere mafunso amene notsizo zikuyankha, ndipo pansi paja mufotokoze tsamba lonse m'ziganizo ziwiri kapena zitatu za mawu anuanu. Mukalephera kulemba ziganizo zimenezo, ndiye kuti mwapeza pamene simunamve, ndipo mwapapeza nthawi yokafunsa ikadalipo.

Chifukwa chochitira zimenezi tsiku lomwelo chinadziwika kalekale. Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa iye mwini poloweza timawu topanda tanthauzo, ndipo anapeza kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola oyambirira akangophunzira chinthu, kenako kuiwalako kumayamba kuyenda pang'onopang'ono. Anapezanso kuti kubwereza modumphitsa masiku kumasunga zinthu m'mutu kuposa kubwereza kambirimbiri nthawi imodzi. Ndiye notsi za lero muzionenso lero, kenako pakapita masiku awiri kapena atatu, kenakonso pakatha sabata.

Koma kuona notsi sikutanthauza kungoziwerenga mobwerezabwereza. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mumzinda wa St. Louis anapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Ena anaziwerenga mobwereza, pamene ena atawerenga anauzidwa kuti alembe zonse zimene akukumbukira osaonera. Atayesedwa patangopita mphindi 5, obwereza kuwerenga aja anachita bwino, koma patatha sabata amene anadziyesa aja ndiwo anakumbukira zambiri. Kuwerenga mobwereza kumapusitsa chifukwa tsamba limayamba kuoneka lodziwika, munthu n'kumaganiza kuti waligwira pomwe maso okha ndiwo alizolowera. Phimbani mbali ya kumanja ya notsi zanu ndi pepala, yankhani mafunso a kumanzere mokweza mawu kapena polemba, kenako vundukulani muone pamene mwaphonya. Zimenezi zimawawa kuposa kuwerenga chabe, ndipo ambiri amazisiya chifukwa cha kuwawako, koma ndi njira imeneyi imene imafanana ndi zimene mudzachite m'chipinda cha mayeso, mmene simudzakhala kope loti muonere. Mapepala a mayeso a zaka zapitazo, ngati laibulale kapena dipatimenti imawasunga, muyambe kuwayankha pakati pa semesita, osadikira kumapeto.

Chachisanu, konzani za anthu okhala nawo

Ngati mukugona chipinda chimodzi ndi munthu wina, kambiranani zinthu zing'onozing'ono sabata yoyamba, pamene palibe amene walakwira mnzake. Gwirizanani za nthawi yozimitsa nyali, za alendo, za kusesa, za nyimbo, ndi za zinthu zimene mungabwerekane ndi zimene simungabwerekane. Nkhani zimenezi zimachititsa manyazi kuziyamba, koma ndi zopepuka kuzikamba lero kusiyana ndi pamene mkwiyo waunjikana kwa miyezi iwiri. Vuto likabuka, lankhulani ndi mwini wakeyo muli awiri, ndipo munene chimene mukupempha m'malo momuweruza. Mawu akuti "Mnzanga, mawa ndili ndi mayeso m'mawa, kodi tingazimitse nyali ikakwana 11 koloko?" amamveka ngati pempho, pamene akuti "Iwe suganizira anzako" amamveka ngati mlandu, ndipo munthu woimbidwa mlandu amayamba kudziteteza m'malo momvetsera. Sikuti wogona naye chipinda achite kukhala bwenzi lanu lapamtima ayi, chofunika n'chakuti muzilemekezana. Zikakanika, pitani kwa woyang'anira malo ogona musanafike podana.

Pa za abwenzi musafulumire. Anthu amene mumayenda nawo sabata yoyamba nthawi zambiri ndi amene munangokumana nawo pamzere, ndipo si cholakwa kuti pakapita nthawi mupeze ena. Komabe musadzitsekere. Vincent Tinto, amene anafufuza kwambiri zifukwa zimene ophunzira amasiyira koleji panjira, anafotokoza mu 1975 kuti kupitiriza kwa wophunzira kumadalira kwambiri mmene wakhazikikira m'moyo wa pasukulupo, pa maphunziro komanso pa kukhala ndi anthu. Lowani gulu limodzi kapena awiri, kaya la masewera, la kwaya, la mapemphero kapena la maphunziro anu, osati asanu. M'kosi iliyonse dziwanani ndi anthu awiri amene mungawafunse zimene zinachitika tsiku limene munadwala. Gulu lowerengera limodzi limathandiza likakhala la anthu atatu kapena anayi ndipo aliyense amabwera atawerenga kale, koma likakula kuposa pamenepo limasanduka la macheza.

Mudzakumananso ndi anthu okukakamizani kumwa mowa, kusuta, kubetcha kapena kuchita zina zimene simukufuna, ndipo ena adzakuuzani kuti watsopano aliyense amayenera kuzunzidwa kaye. Konzeranitu yankho lalifupi ndipo musalitalikitse ndi zifukwa, pakuti chifukwa chilichonse chimene mungapereke chimapatsa wokakamizayo poyambira kutsutsa. Kuzunzidwa, kuopsezedwa, kapena kuumirizidwa zachiwerewere ndi wina aliyense, kaya wophunzira mnzanu kaya wogwira ntchito pasukulupo, ndi nkhani yokanena ku ofesi yoona za ophunzira, ndipo mauthenga amene munthuyo wakutumizirani musawafufute chifukwa ndi umboni.

Chachisanu ndi chimodzi, samalani ndalama ndi thupi

Ndalama zikafika nthawi imodzi zimaoneka zambiri. Tsiku limene mwazilandira, chotsani kaye za zinthu zosazembeka monga malo ogona, zolipira ku koleji ndi ulendo wobwerera kwanu, kenako zotsalazo muzigawe ndi chiwerengero cha masabata amene zikuyenera kukufikitsani. Nambala imene yatulukayo ndiyo ndalama yanu ya sabata. Kwa mwezi woyamba lembani chilichonse chimene mwagula, chifukwa zimene zimamaliza ndalama kawirikawiri si zinthu zikuluzikulu koma tinthu togula tsiku ndi tsiku. Buku musagule musanaone ngati lili mu laibulale. Katapila ndi kubetcha muzipewe kotheratu, ndipo ngati ndalama zolipirira sukulu zavuta, kauzeni a ku ofesi ya zachuma tsiku lomaliza lisanafike m'malo mobisala.

Munthu wa msinkhu wa ku koleji amafunika kugona maola 7 mpaka 9 usiku uliwonse, ndipo nthawi yogonayo si yotayika, chifukwa ndi pamene ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana. Kafukufuku wina wa ku Australia wa mu 1997 anasonyeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofooka ngati amene ali ndi mowa wa mlingo wa 0.05 peresenti m'magazi, umene ndi malire a oyendetsa galimoto m'mayiko ambiri. Wochezera usiku wonse mayeso ali mawa amalowa m'chipinda cha mayeso ali wofooka kuposa pamenepo. Kafeini, chinthu chothamangitsa tulo chimene chimapezeka m'zakumwa zopatsa mphamvu, amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lithe m'thupi, choncho zimene mwamwa madzulo zimakhala zikugwirabe ntchito pakati pa usiku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala kumawerengedwa pamenepo.

M'malo ogona anthu ambiri matenda opatsirana amafala msanga. Kutentha thupi kobwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kupweteka mutu kwambiri ndi kuuma khosi kukhoza kukhala chizindikiro cha matenda oumitsa khosi, ndipo kumafuna chipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Chifuwa chopitirira masabata awiri mukayezetse. Ngati mwagonana ndi munthu mosadziteteza kapena mwagwiriridwa, pitani kuchipatala mwamsanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72.

Chachisanu ndi chiwiri, yembekezerani masabata ovuta ndipo funsani msanga

Masiku oyambirira amakhala ndi chisangalalo chake, popeza zonse ndi zatsopano. Pakapita masabata angapo chisangalalocho chimazirala, ntchito zimayamba kuunjikana, malikisi oyamba amabwera otsika kuposa amene munazolowera, ndipo madzulo ena mumapezeka mwakhala pabedi mukupukwa kwanu, mukudzifunsa ngati munasankha bwino. Kalervo Oberg, polemba mu 1960 za anthu osamukira kumayiko achilendo, anafotokoza zofanana ndi zimenezi: poyamba munthu amasangalala, kenako amakhumudwa ndi kuipidwa ndi malo atsopanowo, kenako amachira pang'onopang'ono mpaka kuzolowera. Si aliyense amene amadutsa magawo onsewa motsatana chonchi, koma kudziwa kuti kufooka kumeneku kumagwera ambiri kungakuthandizeni kuti musafulumire kusankha chinthu chachikulu, monga kusiya sukulu, pa sabata imene mwataya mtima. Kwanu muziimbako foni pa nthawi yoikika, koma kuthawira kumeneko mapeto a sabata iliyonse kumachedwetsa kuzolowera, chifukwa ndi pa masiku omwewo pamene anzanu amadziwana bwino.

Palinso maganizo akuti munalowa mwangozi, kuti anzanu onse akumva ndipo inu nokha ndi amene mukutsalira, ndiponso kuti tsiku lina zidzaululika. Pauline Clance ndi Suzanne Imes analemba za kudzikayikira kotereku mu 1978 atapeza vutoli mwa amayi ophunzira kwambiri ndi ochita bwino pa ntchito zawo, zomwe zikusonyeza kuti maganizo amenewa sachokera m'kuchepa kwa nzeru. Mwa anthu amene akugwedeza mutu m'kalasi ngati akumva zonse, alipo ambiri amene asokonezeka ngati inu nomwe koma akuopa kukweza dzanja.

Mankhwala ake ndi kufunsa msanga, paja safunsa anadya phula. Aphunzitsi ambiri amakhala ndi maola oikika okumana ndi ophunzira mu ofesi, ndipo si ophunzira onse amene amagwiritsa ntchito mwayi umenewu. Pitani ndi funso lenileni, osati kungoti simukumva chilichonse. Tsegulani kope, sonyezani pamene munafika, munene kuti, "Aphunzitsi, mpaka apa ndikutsatira, koma sindikuona mmene mwachokera pa mzere uwu kufika pa uwu." Funso lotere limayankhika m'mphindi zochepa, ndipo limasonyeza kuti mwayesapo nokha musanabwere. Polemba imelo tchulani dzina lanu lonse, nambala yanu ndi kosi, mulembe mwaulemu ngati kalata, ndipo musayembekezere yankho usiku womwewo.

Kupukwa kumachepa pakapita nthawi, koma pali zina zimene si zoyenera kuzidikira kuti zithe zokha. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala okhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, kapena mukulephera kudzuka kupita m'kalasi, kaonaneni ndi mlangizi kapena dokotala. Maganizo ofuna kudzivulaza kapena kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mukaona mnzanu wasiya kutuluka m'chipinda, mufunseni mosapita m'mbali mmene akumvera, ndipo mudzipereke kumuperekeza kwa mlangizi.

Pomaliza, ntchito zolemba, mayeso ndi zotsatira

Lamulo limene limagwira ophunzira atsopano ambiri mosadziwa ndi la kuba nzeru za ena. Ku koleji, kutenga mawu kapena maganizo a munthu wina n'kuwalemba ngati anu popanda kutchula kumene mwawatenga ndi mlandu, ngakhale mutasinthamo mawu angapo, ndipo chilango chake chikhoza kuyambira pa kulandidwa malikisi mpaka kuchotsedwa sukulu. Makoleji ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta monga Turnitin ofananitsa ntchito yanu ndi zolembedwa zina. Funsani njira yotchulira magwero imene dipatimenti yanu imafuna, kaya APA, Harvard kapena ina, ndipo pamene mukuwerenga muzilemba nthawi yomweyo dzina la wolemba, chaka ndi tsamba, chifukwa kudzazifufuza usiku womaliza ndi kumene kumachititsa ambiri kuzisiya. Funsaninso zimene kosi iliyonse imalola pa za mapulogalamu a AI monga ChatGPT, amene amatha kumulembera munthu ntchito, popeza malamulo ake amasiyana ngakhale pakati pa aphunzitsi a dipatimenti imodzi. Ntchito imene mukulemba muziisunga malo awiri, pakompyuta ndi pa intaneti.

Ndandanda wa mayeso ukatuluka, uoneni kawiri, tsiku, ola ndi chipinda, ndipo ngati mayeso awiri awombana kanenenitu ku dipatimenti. Mukadwala kapena mukagwa m'vuto lalikulu monga maliro, dziwitsani dipatimenti mayeso asanachitike, kapena mwamsanga mmene mungathere, ndipo mupereke kalata ya umboni, pakuti kungosowa osanena kawirikawiri kumawerengedwa ngati kulephera.

Zotsatira zikatuluka, kaya zabwino kaya zoipa, khalani nazo pansi kosi ndi kosi. Pa kosi imene simunachite bwino, pemphani kuona pepala lanu ngati malamulo amalola, kapena funsani mphunzitsi pamene munataya malikisi, kuti mudziwe ngati vuto linali kusamva funso, kuperewera kwa nthawi, kapena kusadziwa mutuwo, chifukwa lililonse mwa mavuto atatuwa lili ndi njira yakeyake yolikonzera. Amene amakulipirirani sukulu muwauze zoona za zotsatirazo pamene pakadali mpata wokonza. Werengani buku la malamulo a koleji pa za mayeso obwereza, kubwereza kosi, mlingo wa malikisi umene umafunika kuti mupite chaka chachiwiri, ndi tsiku lomaliza lodandaulira ngati mukuona kuti malikisi alakwika. Ngati mwazindikira kuti maphunziro amene munasankha sakukuyenerani, kambiranani ndi mlangizi wa maphunziro semesita yachiwiri isanayambe, chifukwa kumene kusintha kumaloledwa kumakhala ndi masiku ake oikika, ndipo makosi ena amene mwakhoza kale akhoza kuwerengedwa ku maphunziro atsopanowo.